Mkaka wambiri koma wamadzimadzi: vuto ndi mtundu wa mbuzi kapena chakudya?

Mlimi_wa_mbuzi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mbuzi za Saanen zikapatsidwa chimanga chogaya chambiri, mkaka umachuluka koma umaoneka wamadzimadzi, ndipo tchizi amatuluka wochepa. Kodi ndi chibadwa cha mtunduwu, kapena chakudyacho ndiye chikulakwika?

Wokama_m'mawa:
Zonse ziwiri zilipo, koma yambani ndi chakudya chifukwa ndicho mungakonze msanga. Mafuta a mumkaka amapangidwa kwambiri kuchokera ku udzu ndi masamba. Tizilombo ta m'chifu tikamagaya udzu timatulutsa asidi wotchedwa acetate, ndipo bere limaumba mafuta ndi ameneyo. Chimanga chikachuluka, m'chifu mumawawasa, tizilombo togaya udzu tija timachepa, mafutanso amatsika. Muziona ngati mbuzi ikubzikula ikagona pansi. Ikachepetsa kubzikula, ndowe zake n'kusiya kukhala timibulu n'kumatuluka zophwanyika, dziwani kuti chimanga chapyola muyezo.

Udzu ndi masamba zisachepere theka la chakudya chonse mukachiyeza chouma. Chakudya chogaya chikhale pafupifupi magalamu 400 mpaka 500 pa lita iliyonse imene mbuzi ikutulutsa, chogawa kawiri kapena katatu patsiku. Udzu wouma uziyamba, chogaya pambuyo. Ndipo musadule udzu tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri, mbuzi imangomeza osatafuna, malovu amene amachepetsa asidi m'chifu satuluka okwanira. Posintha chakudya, chitani pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10.

Mayi_wa_tchizi:
Anzathu anena zoona, komabe musayembekezere kuti Saanen ifanane ndi Anglo-Nubian. Saanen imakama kwambiri, koma mafuta ake amakhala cha m'ma magalamu 30 mpaka 35 pa lita. Anglo-Nubian imafika 45 kapena 50, ndipo Nigerian Dwarf imapyola 60 ngakhale imakama pang'ono.

Pa tchizi, china chofunika kwambiri ndi puloteni yotchedwa alpha-s1 casein. Imeneyi ndi ya kumtundu, chakudya sichiisintha kwenikweni. Saanen ndi Alpine zambiri zili nayo yochepa, n'chifukwa chake mkaka wake ukaundana umakhala wofewa, wosweka msanga, ndipo mafuta ena amathawira m'madzi otsala. Zimenezi zimakonzedwa posankha tonde woyenera, osati m'chodyeramo.

Mlangizi_wa_ziweto:
Musanaweruze mtundu kapena chakudya, onetsetsani mmene mukuyezera. Mkaka woyamba kutuluka pokama umakhala ndi mafuta ochepa, womalizira ndiwo wonona. Kamani bere lonse, sakanizani bwino, kenako tapani woyeza. Ngati simumaliza kukama, mafuta mukuwasiya m'bere momwemo.

Funsaninso kuti mbuziyo inabereka liti. Pakati pa sabata 4 ndi 8 ikabereka ndi pamene mkaka umachulukitsitsa, mafuta ndi puloteni n'kutsika, kenako zimakweranso chakumapeto. Pamenepo palibe chalakwika.

Ngati mungathe kuyezetsa, mafuta a mumkaka akapezeka ochepa kuposa puloteni ndiye kuti vuto lili m'chifu. Koma mkaka ukamamveka mchere kapena kuoneka timabuluma, limenelo si vuto la chakudya ayi, ndi matenda a bere, ndipo mbuziyo ionedwe ndi dokotala wa ziweto mwamsanga. Ena amathamangira kuwonjezera mbewu zamafuta monga mpendadzuwa. Zimathandiza pang'ono, koma mafuta m'chakudya chonse akapyola 5 kapena 6 peresenti amalepheretsa udzu kugayika, ndipo mkaka umabwereranso kukhala wamadzimadzi.