Cyberpunk RED: kodi descrambler ya alonda ingamve wailesi ya osewera anga?

Woyendetsa_Loweruka

Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru Loweruka lisanafike. Ndimayendetsa Cyberpunk RED, masewera a nthano oseweredwa ndi madayisi, pa tebulo la anthu asanu, ndipo anthuwa amalipira mpando wawo mwezi ndi mwezi. Ndiye pakabuka mkangano sindingangoti ndanena ndanena basi. Sabata yatha tinasiyira masewera panjira.

Zinali chonchi. Gululo linapatsidwa ntchito yokatulutsa katundu m'nyumba ina ku Combat Zone, dera lachiwawa la mumzinda wa Night City, malipiro 1,000eb (eb ndi ndalama ya m'masewerawa) aliyense. Anagwirizana zogawikana, atatu alowe, awiri atsale m'galimoto. Anagula ma Radio Communicator awiri, tija tovala kukhutu ta 100eb tofika mailo imodzi, n'kuwonjezera ma Scrambler/Descrambler awiri a 500eb, zipangizo zosokoneza ndi kumasula mawu a pawailesi, kudzera kwa Fixer wawo, wosewera wowapezera katundu. Zonse pamodzi 1,200eb, kuposa malipiro a munthu mmodzi.

Ine ndinali nditalemba kale kuti mkulu wa alonda ali ndi Radio Scanner, yomvetsera mawailesi a ena, komanso Scrambler/Descrambler yakeyake. Tech, wokonza zipangizo wa gululo, atanong'ona pawailesi kuti tafika pakhomo lakumbuyo, bweretsani galimoto, ndinati alonda amva, ndipo anakawatchingira pomwepo. Medtech, dokotala wa gululo, anavulala kwambiri. Mnyamata amene amasewera Solo, msilikali wa gululo, anayika madayisi pansi, anatsegula buku, chala pamzere, n'kundifunsa kuti ngati descrambler iliyonse imamasula scrambler iliyonse, nanga 500eb ija anatayiranji. Ndinamuyankha kuti bukulo likungoti mawu osokonezedwa samveka popanda descrambler, ndipo mlondayo anali nayo. Mzere ndi umodzi womwewo, koma aliyense akuwumva mwake. Awiri anena kuti mwina sabweranso. Ndinalakwa kodi?

GogoWaMadayisi

Achimwene, ndikuuzeni mosapsatira, mnyamatayo akunena zoona. Ine ndinayamba ndi Cyberpunk 2020, ija ya 1990, ndipo mkangano wa mtundu umenewu ndi wakale. Maloko awiri ogulidwa m'sitolo imodzi satsegulirana makiyi. Bukulo likamati descrambler imabwera limodzi ndi scrambler, ine ndimamva kuti ndi yomasulira mawu a anzako amene mwagwirizana nawo nambala yachinsinsi, osati a aliyense woyankhula mumlengalenga.

Yang'anani zipangizozi moyandikana muone chimene chilichonse chikugulitsa. Foni yotaya, Disposable Cell Phone ya 50eb, imakugulitsa kusadziwika: waimba, waiponya m'ngalande, wapita. Agent, foni yamakono ya 100eb, imachita zambiri, kuimba, mauthenga, kufufuza mu Data Pool, intaneti ya mumzinda, mpaka kukupatsa +2 pa luso la Library Search, koma imadalira CitiNet, netiweki ya mumzinda yoyendetsedwa ndi Ziggurat. Wailesi ija ndi ova-ova chabe, sidalira mlongoti wa munthu, koma aliyense wokhala ndi scanner ya 50eb mkati mwa mailo imodzi, makilomita 1.6, akhoza kutchera khutu. Chibowo chimenechi ndi chimene scrambler imatseka. Mukati descrambler ya mdani imatsegula yokha, ndiye kuti chinthu cha 500eb chimangoteteza kwa achifwamba osauka, pomwe anthu amene osewera amawaopa, makampani ndi alonda awo, onse angakwanitse kuigula.

MayiWaTebulo

Agogo, theka ndikugwirizana nanu, theka ayi. Mukapanga scrambler kukhala khoma losabowoleka, osewera agula kamodzi ndipo nkhani ya kumvedwa yatha mpaka kampeni yonse. Nanga luso la Cryptography, lomasulira mauthenga obisika, lili papepala la munthu kuti lizitani? Nanga Electronics/Security Tech, limene munthu amalilipira mapointi owirikiza?

Ine pa tebulo langa ndimachita motere. Descrambler yachilendo siimasula yokha, koma ndi imene imamupatsa mdani mwayi woyesa. Wopanda chipangizocho sangayese n'komwe. Amene ali nacho amaponya dayisi, INT (nzeru zake) kuphatikiza Cryptography kuphatikiza 1d10 (dayisi imodzi ya mbali khumi), ndipo ayenera kupitirira DV 17 (DV ndi nambala yosonyeza kuvuta kwa ntchito), mlingo wa Professional. Ndimafunanso kuti akhale atamvetsera mawu osokonezekawo kwa mphindi yathunthu. Raundi imodzi ndi masekondi atatu, ndiye mphindi ndi maraundi 20. Nkhondo ikayamba nthawi imeneyo palibe, koma anthu akamazemberera m'nyumba kwa theka la ola akucheza pawailesi ngati ali pamsika, nthawiyo ilipo yambiri. Ili ndi lamulo langa la pa tebulo, si la m'buku, ndipo osewera anga analidziwa tsiku loyamba.

Chinanso chimene nonse mwachidumpha: ngakhale mlonda asamve mawu, scanner yake imamuuza kuti pali tchanelo chimene chikugwiritsidwa ntchito pafupi. Taganizani mlonda ali yekha usiku m'kachipinda kake, wailesi ikungosokosera phokoso lachilendo limene dzulo kunalibe. Sadziwa kuti ndi khomo liti, koma tulo tamuthera, adzutsa anzake, awonjezera oyendera mpanda. Achimwene, mukanachita zimenezi, osewera akanamva kutentha popanda kuona kuti ndalama yawo yalowa m'madzi.

GogoWaMadayisi

Pa phokoso la pa scanner paja mwandigwira, mayi. Ndalemba m'kope langa. Koma DV 17 ndikuiona yochepa. Mlonda wa INT 6 ndi Cryptography 6 ali kale pa 12, akungofunika 6 kapena kuposa pa dayisi, theka ndi theka. Ndikanaika 21.

MayiWaTebulo

Ndi mlonda uti wa pageti amene ali ndi Cryptography 6, agogo? Munthu wotereyo ndi katswiri, ndipo kampani ikamulemba ntchito, osewera ayenera kukhala ndi njira yodziwira zimenezo akamafufuza malowo asanalowe. Mlonda wamba wa INT 4 wopanda lusolo angapitirire 17 pokhapokha dayisi itagwa pa 10 n'kuponyanso ina yowonjezera. Kwa ine n'zokwanira.

Kadzidzi

Ndilowepo pang'ono monga munthu woyendetsa Shadowrun, masewera ena a mtundu womwewu. Ndikuganiza kuti achimwene athuwa anatengera kaganizidwe ka kwathu kuno mosazindikira. Mu Shadowrun, kuyambira edishoni yachinayi ya 2005, pafupifupi chilichonse chili pa Matrix, netiweki yopanda mawaya. Mu yachisanu commlink, foni ya kumeneko, iliyonse ili ndi Device Rating, mlingo wa mphamvu zake, kuyambira Meta Link ya 1 pa 100 nuyen mpaka Fairlight Caliban ya 7 pa 8,000. Wagula yotchipa, decker, wothyola makompyuta, akulowera mosavuta, ndipo osewera amayembekezera zimenezo chifukwa manambala ali poyera.

RED anaimanga mosiyana dala. NET, intaneti yakale, inawonongeka ndi DataKrash, vairasi ya Rache Bartmoss, ndipo mu 2045, chaka cha nkhani ya RED, Netrunner, wothyola makompyuta, amayenera kufika mamita 6 kuchokera pa access point kuti alowe mu NET Architecture, netiweki ya pamalopo. Masewerawa akufuna munthu apite ndi miyendo yake pamalopo. Ndiye mdani womva zonse ali khale pampando sakugwirizana ndi mtima wa masewerawo. Ngati alonda akufuna nambala yachinsinsi ya gululo, agwire mmodzi amulande chipangizo, kapena agule Fixer.

Woyendetsa_Loweruka

Akulu, mwalasa. Ndinayendetsapo Shadowrun zaka zingapo ndisanabwere kuno, ndipo m'mutu mwanga zinangokhala kuti chilichonse chouluka mumlengalenga chimagwidwa. Ndavomera, ndinawalakwira.

Koma pabuka china. Wa Netrunner walemba pagulu lathu kuti mawailesi atayidwe, aliyense aikidwe Internal Agent m'mutu, poti imeneyo palibe angailande kapena kuimva. Ndimuyankhe bwanji?

MayiWaTebulo

Muuzeni awerengere kaye. Internal Agent yokha ndi 100eb, koma siikhala popanda Cyberaudio Suite ya 500eb, makina a m'makutu oikidwa kukiliniki. Ndi 600eb munthu mmodzi, anthu asanu 3,000eb. Humanity, mapointi a umunthu, nayo imapita, 2d6 ya suite ndi 1d6 ya Agent, ndipo ikatsika kudutsa pa khumi EMP, Empathy yomvanirana ndi anthu, imatsika nayo. Kwa Fixer amene amadyera pakamwa, imeneyo si nkhani yaing'ono. Walira mvula walira matope.

Chachiwiri, imalamulidwa ndi mawu. Munthu wabisala kuseri kwa makatoni, mlonda ali mamita atatu, ndipo kuti atumize uthenga ayenera kutsegula pakamwa. Ine pamenepo ndimaponyetsa Stealth, luso lozemba, motsutsana ndi Perception, tcheru cha mlonda. Zithunzi nazo saziona, amangofotokozeredwa m'khutu, pokhapokha akhale ndi Chyron, kasikirini ka m'diso, kapena sikirini pafupi. Mapu a nyumba ofotokozedwa ndi mawu uku ukuthamangitsidwa, ayesere aone.

Chachitatu, ikadali Agent, ikadali pa CitiNet. Pa tebulo langa mukatuluka mu Night City kulowa ku Badlands, chipululu cha kunja kwa mzinda, kapena kutsikira m'zipinda zapansi zakuya, ndimati netiweki yaduka. Wailesi imagwirabe.

Ubwino wake ulipo, tisaubise. Akakusecha pakhomo sapeza kanthu m'thumba. Ndipo suite ija ili ndi malo atatu, pomwe Radio Communicator ndi Scrambler/Descrambler zoikidwa m'thupi ndi 100eb chilichonse. Ndiye wofunadi kulowa mozama akhoza kuika zitatu zonse pa 800eb, pomwe wailesi ndi scrambler zonyamula m'manja ndi 600eb. Kusiyana kwa ndalama n'kochepa, mtengo weniweni ndi Humanity.

Kadzidzi

Musaiwalenso bomba la EMP (iyi si Empathy, ndi lozimitsa zamagetsi) ndi mfuti ya Microwaver. Munthu akalephera DV 15 pa luso la Cybertech, woyendetsa amasankha zinthu ziwiri, za m'thupi kapena zamagetsi zonyamula, n'kuzizimitsa kwa mphindi imodzi. Kukhala m'mutu sikuziteteza.

GogoWaMadayisi

Tsopano za kukonza zimene zinaonongeka. Ine sindikonda kubweza nthawi m'mbuyo. Mukangochita kamodzi, chigamulo chilichonse chowawa adzafuna chibwezedwe. Zimene zinachitika zikhale, koma mupeze chifukwa cha m'nkhani momwemo: amene anagulitsa ma scrambler aja kwa Fixer anagulitsanso nambala yake kwa alonda. Osewera apeza mdani woti amusake, ndipo ulendo wotsatira mwaupeza kale.

MayiWaTebulo

Nzeru yabwino, koma ayambe wawauza zoona pamaso, masewera asanayambe. Akangobisa kulakwako m'nkhani, mnyamata wa Solo uja adzaona ngati akumuphimba m'maso, ndipo ndi munthu wowerenga buku. Komanso wa Fixer afunsidwe kaye payekha, chifukwa nkhaniyi ikudetsa dzina la munthu wake.

Woyendetsa_Loweruka

Zikomo nonse. Ndaimbira wa Fixer madzulo ano ndipo waikonda nkhani ya wogulitsa wachinyengo, akuti akufuna akamugwire yekha. Loweruka ndiyamba ndi kupepesa, kenako ndigawa pepala limodzi lokhala ndi malamulo awa: descrambler yachilendo imangopereka mwayi woyesa, Cryptography pa DV 17 pambuyo pa mphindi imodzi yomvetsera, scanner imadziwa kuti tchanelo chili pamoto ngakhale isamve mawu, Agent ya mtundu uliwonse imafuna CitiNet, kulankhula mdani ali pafupi kumafuna Stealth. Malamulowa agwira mbali zonse, ndiye Tech wawo akhozanso kuyesa kumasula wailesi ya alonda. Ndalama ya chipatala ya Medtech ilipiridwa ndi amene anawatuma ntchito. Agogo, DV ndayamba ndi 17, tikasewera maulendo atatu ndidzakuuzani ngati ikufunika kukwera. Mmodzi mwa awiri aja wayankha kale kuti abwera, winayo ndimuimbira mawa m'mawa.