Zowonjezera pa funso lolowa mu bridge ya sitima yapanyanja

Pa funso lija loti kodi wapaulendo angalowe mu bridge, chipinda chimene kaputeni amayendetseramo sitima: n'zotheka, koma osati mongogogoda. Chiyambire 2004, pomwe malamulo a ISPS, a chitetezo cha sitima ndi madoko padziko lonse, anayamba kugwira ntchito, khomolo limakhala lokhoma. Njira yake ndi ulendo wolipira woonetsa alendo mkati mwa sitimayo, monga Behind the Fun wa kampani ya sitima ya Carnival kapena All Access Tour wa kampani ya Royal Caribbean. Lembetsani mosachedwa, malo amatha msanga.

Valani nsapato zotseka zala. Wovala patapata amabwezedwa, poti mumadutsa kukhitchini ndi m'makwerero achitsulo. Ku Carnival foni ndi kamera zimatsala. Kawirikawiri ulendowu umachitika tsiku limene sitima ili pakati pa nyanja, ndipo kukagwa chifunga kapena mafunde akakula, kaputeni angathe kukana alendo kuti oyendetsa asasokonezeke.