Kachitsulo kokanulira zinthu kokwana m'thumba, ndigule kotani?

Abale anga okhala kuno ku Johannesburg, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira maganyu openta ndi kukonza nyumba cha ku Randburg, ndipo tsiku silipita osatsegula chitini cha penti, kuzula timisomali kapena kukanula thabwa la m'munsi mwa khoma. Zonsezi ndakhala ndikuchita ndi mpeni wanga wa m'thumba, mpaka dzulo nsonga yake inangoti thyo! pa chivindikiro cha chitini cha malita 20, kutsala pang'ono kundibaya chala.

Tsono ndikufuna kachitsulo kakang'ono kokanulira, kotalika ngati chala, koti ndizikakoleka pa makiyi. Chachikulu ayi, mu taxi ya ku Bree timakhala mopanikizana, chingamalase anzanga m'nthiti.

Ndaona ena a titanium, opepuka komanso sachita dzimbiri, koma mtengo wake eee, wa mabwana. A stainless steel ndi otsikirapo ngakhale amalemerako. Kodi amapirira ntchito ya tsiku lililonse, kapena amapindika msanga? Gerber Shard ija, kachitsulo kokanulira kokoleka pa makiyi, alipo anaigwiritsapo pozula misomali? Ikuoneka yaifupi kwambiri kwa ine.

Ndalama yanga ndi R200 basi, lendi ikudikira. Ndiyambire ku Builders kapena ku Dragon City ku Fordsburg? Achimwene a zomangamanga, inu mumanyamula kotani?