Kamwana ka mphaka katupa mimba, ndi njoka kapena madzi?

Wofunsa, ku Chibavi:
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Mphaka wanga anaswa ana anayi, pano ali ndi masabata 6. Onse mimba ndi zazikulu, koma kamodzi ndiye kakundisowetsa tulo. Mimba yafufuma mpaka kulendewera pomwe kumsana ndi mafupa okhaokha, ndipo ndikakagwira zikumveka kuti m'katimo muli madzi. Kudya kasiya, kakungodzipinda pafupi ndi mbaula ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu. Dzulo kanzake kanasanza njoka yoyera yaitali. Nthata nazonso ndi mbwee. Aneba akuti ndikasambitse ndi dibi wa galu wawo, ndikapatsenso kachidutswa ka Panado. Ena akuti ndiboole pamimba ndi singano madziwo atuluke. Mtima wanga ukukana. Ana anga amagona nato timphakati. Nditani?

Mayi wa ku Zolozolo:
Asisi, Panado ayi chonde! Chiwindi cha mphaka sichitha kulimbana ndi paracetamol, ndiye ngakhale kachidutswa kamapha. Nkhope imatupa, nkhama zimada, kenako mpweya umavuta. Dibi nayenso musayese. Mankhwala ambiri a agalu ali ndi permethrin, mphaka akamukhudza amayamba kunjenjemera mpaka kukomoka.

Bambo wa ku Luwinga:
Njoka basi zimenezo. Gulani piperazine kushopu ya mankhwala a ziweto, ine nkhuku ndimamwetsa yemweyo.

Wogwira ntchito za ziweto:
Mayi, mwachita bwino kufunsa musanapange chilichonse. Apa pali nkhani ziwiri, tisaziphatikize.

Njoka zilipodi, mwaziona nokha. Yomwe inasanzidwayo kawirikawiri imakhala Toxocara cati, ndipo ana amaitengera mumkaka wa make. N'chifukwa chake ngakhale mphaka yemwe sanatulukepo panja amapezeka nazo. Mankhwala timayamba ali ndi masabata 3, kubwereza pakatha masabata awiri aliwonse mpaka atasiya kuyamwa, kenako kamodzi pamwezi kufikira miyezi 6. Make nayenso amwe, apo ayi mukungotaya ndalama. Pyrantel kapena fenbendazole ndi abwino kwa ana aang'ono. Achimwene a ku Luwinga, piperazine amaphadi njoka zamtunduwu, koma wa nkhuku uja ndi wosungunula m'madzi a khola lonse. Kamphaka kosakwana ndi kilogalamu imodzi yomwe, mlingo wake mungauyeze bwanji? Ukapyola kamayamba kudzandira ndi kusanza. Mlingo umatsata kulemera, choncho aliyense akwere pasikelo kaye.

Tsopano kodwalako ndi komwe kandidetsa nkhawa. Mimba ya njoka imakhala yozungulira, yolimbirako, ndipo mwanayo amadyabe ndi kusewera. Mimba ya madzi ndi yofewa, yolendewera, mukagogoda pang'ono mbali imodzi mumamva madzi akugunda dzanja lanu mbali inayo. Madzi otero amatha kubwera thupi likasowa mapuloteni chifukwa njoka zamudyera mwanayo chakudya, kapena mtima ndi chiwindi zikavuta. Koma kwa amphaka osakwana zaka ziwiri timaganiziranso nthenda yotchedwa FIP. Imayamba ndi coronavirus ya amphaka, osati ya COVID-19 ija, ndipo sipita kwa anthu. Madzi ake amakhala achikasu, onanda, thupi limatentha osamva maantibayotiki. Kale pafupifupi mphaka aliyense wa FIP ankafa. Kuyambira cha m'ma 2019 pali mankhwala otchedwa GS-441524 amene achiritsa ambiri, amaperekedwa kwa masabata pafupifupi 12, kungoti ndi okwera mtengo kwambiri. Sindikunena kuti kanuko ndi FIP. Palibe angadziwe pachithunzi kapena pa Facebook.

Zoboola ndi singano kunyumba ndikukaniza ndi mtima wonse. Mutha kulasa matumbo kapena chikhodzodzo, mulowetsa majeremusi, ndipo madziwo abwereranso popeza gwero lake simunalithetse. Dokotala amangotengako pang'ono kuti aone mtundu wake, amachotsa ambiri pokhapokha ngati akulepheretsa kupuma.

Mtsikana wa ku Katoto:
Mama, tsegulani pakamwa muone nkhama. Zikakhala zotuwa ndiye kuti nthata zamaliza magazi. Peselani ndi chipeso cha mano othinana, nthatazo muziponya m'madzi a sopo. Musakasambitse kodwalako ndi nyengo ino, kafa ndi chisanu. Ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje pambali pake, ndipo nsanza zomwe amagonera muchape ndi madzi otentha. Mphaka akameza nthata amatenganso njoka zina zija zotuluka tizidutswa ngati mpunga, zimenezo mankhwala ake ndi praziquantel.

Mayi wa ku Zolozolo:
Ndiwonjezere, mkaka wa ng'ombe musawapatse, umatsegula m'mimba. Wiritsani usipa wopanda mchere, musinje, kapena dzira lowiritsa. Ana anu azisamba m'manja akawagwira ndipo kugona nawo ayambe asiya. Chimbudzi cha amphaka muzichotsa tsiku ndi tsiku, chifukwa mazira a njokazo akakhalitsa m'dothi masabata angapo amakhwima n'kuyamba kulowa mwa anthu, makamaka ana osewera padothi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaona nkhama, ndi zotuwadi. Mawa m'mamawa ndipita ku ofesi ya boma ya za ziweto. Ndinyamule kodwalako kokha kapena onse?

Wogwira ntchito za ziweto:
Onse anayi pamodzi ndi make, m'katoni yoboola timabowo, muyale chitenje pansi. Tenganinso chimbudzi chatsopano m'kajumbo kuti akachiyeze. Usiku uno muzikadontheza madzi ofunda pambali pa kamwa pang'onopang'ono, osakakamiza. Mukaona kayamba kupuma ndi pakamwa, musadikire kuche, funsani nambala ya dokotala pagulu pompano.