Bambo anga amayamba aima ndikawafunsa funso tikuyenda: kodi ndi ukalamba chabe?

Mwana womaliza

Bambo anga ali ndi zaka 76, ndipo kale anali munthu woyenda mwachangu moti ana tonse tinkachita kuthamanga kuti tisatsalire. Kwa chaka ndi theka tsopano mayendedwe awo asintha: akuponda pafupipafupi, mapazi akuwakhwekhwereza pansi, ndipo potembenuka amaponda kanayi kapena kasanu m'malo motembenuka kamodzi. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ndikawafunsa kanthu tikuyenda, amayamba aima, n'kuyankha, kenako n'kupitiriza ulendo. Kuiwala kulipo koma si kwambiri. Nthawi zina amafunsa funso limodzi kawiri tsiku lomwelo. Achimwene anga akuti umenewu ndi ukalamba basi, ndisawavutitse. Kodi mayendedwe angakhaledi chizindikiro chakuti ubongo wayamba kufooka?

Namwino wopuma ntchito

Mwachita bwino kufunsa. Ambiri timaganiza kuti kuyenda ndi ntchito ya miyendo yokha, koma munthu akamayenda ubongo umakhala ukuyeza mtunda, kuona zopinga ndi kusunga thupi kuti lisagwe, ndipo gawo lalikulu la ntchito imeneyi limagwiridwa ndi mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwenso imatithandiza kukonza zochita ndi kuika maganizo pa chinthu. Mbali imeneyi ikayamba kufooka, kuyenda ndi kulankhula nthawi imodzi kumakhala katundu wolemera, choncho munthu amasiya chimodzi kuti achite chinacho.

Zimene mwaona kwa bambo anu akatswiri anazilemba kale. Mu 1997, ofufuza a ku Sweden anafotokoza m'magazini ya The Lancet kuti okalamba amene amaima akayamba kulankhula amagwa kawirikawiri kuposa anzawo. Mu 2013, Dr. Joe Verghese wa ku New York ndi anzake anasonyeza kuti munthu amene akuyenda pang'onopang'ono komanso akudandaula za kuiwala ali pa chiopsezo chachikulu chodzadwala matenda a dementia, amene amafooketsa kukumbukira ndi kuganiza. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2022, wa okalamba pafupifupi 17,000 a ku Australia ndi ku America, anapeza kuti chiopsezo chinali chachikulu kwambiri kwa amene liwiro la kuyenda ndi kukumbukira zinkatsika limodzi, kuposa amene chinkatsika chimodzi chokha. Mawu oti "limodzi" ndi amene ndikufuna muwagwiritse.

Pali kuyeza kosavuta kumene tinkachita kuchipatala. Munthu amakhala pampando, n'kudzuka, kuyenda mamita atatu, kutembenuka, kubwerera ndi kukhalanso, inu mukuwerenga nthawi. Akatenga masekondi 12 kapena kuposerapo, ndiye kuti ali pa chiopsezo cha kugwa. Kuyeza kumeneku sikunena kuti munthu ali ndi matenda a ubongo ayi, koma mukamalemba zotsatira mwezi ndi mwezi, dokotala adzakhala ndi poyambira.

Wosamalira amayi

Ine ndikufuna ndikuchenjezeni kuti musafulumire kuweruza. Amayi anga anayamba kuyenda chimodzimodzi, ndipo tonse tinaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Titapita nawo kuchipatala zinapezeka kuti anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, nyamakazi m'mabondo, ndiponso mapiritsi ogonetsa amene ankamwa usiku ankawachititsa chizungulire mpaka m'mawa. Munthu amene saona bwino pamene akuponda ayenera kuponda mosamala, ndipo zimenezo ndi nzeru, si matenda. Atawachotsa ng'ala ndi kuwasinthira mankhwala, mayendedwe anabwerera, ngakhale kuti si monga kale. Kuchepa kwa vitamini B12 m'thupi nakonso kumabweretsa dzanzi m'mapazi ndi kuiwala, ndipo kumapezeka poyeza magazi.

Chinanso, ngati mukawayeza ndi wotchi monga anenera anamwinowa, muwauze chifukwa chake. Munthu wamkulu akazindikira kuti ana ake akumuyesa mwamseri amakhumudwa, ndipo akhoza kukana ngakhale kupita kuchipatala kumene.

Mkamwini wa odwala

Pepani, pali funso limodzi limene simunalitchule: kodi bambo akutha kugwira mkodzo monga kale? Ndikufunsa chifukwa apongozi anga ankayenda ngati mapazi amatidwa pansi, miyendo atatangadza, ndipo ankaiwala. Kuchipatala china anangotiuza kuti ndi ukalamba, tinabwerera. Patapita chaka, dokotala wina anafunsa za mkodzo, apongozi anaweramitsa mutu, ndipo m'pamene tinadziwa kuti akhala akubisa vutoli chifukwa cha manyazi. Atawajambula mutu anapeza kuti madzi achuluka m'kati mwa ubongo, matenda otchedwa normal pressure hydrocephalus, amene dokotala wa ku Colombia, Salomón Hakim, anawafotokoza cha m'ma 1960. Zizindikiro zake ndi zitatu zomwezo: kuyenda movutika, kulephera kugwira mkodzo ndi kuiwala. Anawaika kapaipi kochotsa madziwo, ndipo kuyenda ndi kumene kunayamba kusintha. Kukumbukira kunangosintha pang'ono.

Sindikunena kuti bambo anu ali ndi matenda amenewa, pakuti kuponda pafupipafupi kumaonekanso pa matenda a Parkinson, makamaka ngati dzanja limodzi likunjenjemera kapena lasiya kugwedezeka poyenda, komanso pamene timitsempha ta magazi ta muubongo tawonongeka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Koma mayendedwe akadzasintha mwadzidzidzi, tsiku limodzi, mbali imodzi itafooka kapena pakamwa patapotoka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo musadzadikire kuti kuche.

Mwana womaliza

Zikomo kwambiri nonse. Bambo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndipo mankhwala amamwa modumphadumpha, chinthu chimene sindinachilumikize ndi mayendedwe awo. Funso la mkodzo landikhudza, chifukwa miyezi yapitayi ayamba kuchapa okha zovala zawo zina m'mamawa, ife tisanadzuke, ndipo ndinkangoona ngati akufuna kudzipatsa chochita. Ine monga mwana wamkazi sindingathe kuwafunsa zimenezo maso ndi maso, choncho ndapempha achimwene kuti alankhule nawo, ndipo avomera kuti Lachiwiri tipite nawo limodzi kuchipatala. Ndawayeza dzulo nditawafotokozera bwinobwino, anaseka n'kuvomera, ndipo anatenga masekondi 17.