Thandizeni pa malamulo a ligi ya tenisi ya awiriawiri

Moni nonse abale. Tayambitsa kaligi ka tenisi ya awiriawiri kuno ku Blantyre, timasewera Loweruka masana, ambiri ndi a ku Namiwawa, Chitawira ndi Limbe. Vuto ndi loti mvula ikatidula pakati pa gemu ena akuti tiyambirenso ena akuti tipitirize pa mapointi omwe tinasiyira, komanso munthu mnzake akapanda kubwera ena akufuna walkover (kuti timu inayo ipambane osasewera) ena akuti apeze wina, basi mkangano sabata iliyonse ndipo anthu ayamba kugwa ulesi. Malamulo a ITF (bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse) ndawerenga, za tie-break ya mapointi 10 m'malo mwa seti yachitatu tagwirizana, koma za wolowa m'malo zatikanika. Makochi ndafunsa, aliyense akunena zake.

Inu amene munayendetsapo ligi ngati iyi mumatani? Nanga wochedwa mumamudikira mphindi zingati?