Mwana akutsokomola magazi koma TB sanaipeze, ndithandizeni nzeru

Moni abale. Ndili kuno ku Chawama. Mnyamata wanga wa zaka 14 wakhala akutsokomola makhololo a timizere ta magazi, tsiku lina ofiira, tsiku lina oderako ngati dzimbiri. Zikhatho zayera mbee, akangothamanga pang'ono ndi wefuwefu. TB anayeza ndi makina a GeneXpert, palibe. Mapiritsi a ayironi amamwa, magazi amakwera kenako n'kutsikanso.

Adokotala akukayikira kuti magazi akuchucha m'kati mwa mapapo, ndiye akufuna kumuyeza ndi mpweya wa carbon monoxide. Apa mtima wanga uli m'mwamba. Si mpweya womwewu umapha anthu ogona ndi mbaula ya malasha m'nyumba mwezi wa Juni? Komanso akuti ayironi akuunjikana m'mapapo mwake, koma mapiritsi asasiye. Ndimuwonjezere bwanji chinthu chimene chachuluka kale?

Yankho: Amayi, khazikani mtima pansi, ine ndimagwira ntchito yoyeza mapapo. Mpweyawo ndi womwewo, koma ndi wochepetsetsa, pafupifupi 0.3 peresenti ya umene amakoka. Amavala kotsina mphuno, n'kukoka kamodzi mwamphamvu, kusunga masekondi 10, kenako kutulutsa. Makina amawerenga umene wasowa. Carbon monoxide amakakamira ku hemoglobin (Hb), chonyamula oxygen m'magazi, kuposa oxygen maulendo oposa 200, n'chifukwa chake mbaula imapha. Tsono ngati magazi atayikira m'timatumba ta mpweya, amaumeza pomwepo usanafike n'komwe m'mitsempha, ndipo nambala ya makinawo imakwera mopitirira. Matenda ambiri a mapapo amaitsitsa, kotero ikakwera dokotala amatsegula maso. Tengani zotsatira za Hb zatsopano, chifukwa kuchepa magazi kumatsitsa nambalayo n'kubisa vuto. Ayezedwenso pasanapite masiku awiri chitsokomolereni magazi, akachedwa sizionekanso bwino.

Yankho: Mayi mwayesa madzi a masamba a avocado? Ena amati amabweza magazi.

Yankho: Achimwene, thumba lobooka silidzadza. Magazi akutayika, afufuze potayikira. Za ayironi amayi, zili chonchi: magazi akatsalira m'mapapo, timaselo toyeretsa timawadya n'kusunga ayironiyo ngati hemosiderin. Ameneyo watsekeredwa, thupi silingamutengenso kukapangira magazi atsopano. Ndiye m'mapapo wachuluka, m'mafupa mopangira magazi mulibe. Zimasiyana ndi ana a sickle cell oikidwa magazi pafupipafupi, amene ayironi amadzaza chiwindi ndi mtima mpaka kufuna mankhwala omuchotsa. Musasiye mapiritsi panokha, ndipo chimbudzi chikada musadabwe, ndi mapiritsiwo.

Yankho: Pemphani ayezenso mkodzo. Pali matenda ena, monga a Goodpasture, amene amagwira mapapo ndi impso limodzi, ndipo impso zimawonongeka mwakachetechete. Ayang'anenso mtima. Akatsokomola magazi ambiri kapena kubanika atakhala pansi, musadikire tsiku la kiliniki, thamangani ku chipatala chachikulu cha UTH ngakhale usiku.

Mwini funso: Zikomo abale, Mulungu akudalitseni. Mkodzo sanayezepo, ndikafunsa. Kanthu kena: magetsi akazima timaphikira pa mbaula pakhonde, iye ndiye amakupiza moto. Zingasokoneze?

Yankho: Inde amayi. Utsi wa malasha ndi wa fodya umasiya carbon monoxide m'magazi, nambala n'kutsika. Kukatsala tsiku limodzi kuti ayezedwe asayandikirenso mbaula, ndipo muwauze oyezawo mmene mumaphikira. Ndi mapapo akewo, ntchito yokupiza moto ipatseni wina.